Kodi Kuchepetsa ndi Kudzichepetsa?

M'mwezi wa February 1976 nyuzipepala ya Sunday Times ya ku London inaulula kuti nyumba yosungiramo zaluso ya Tate, imene imathandizidwa ndi ndalama za boma, inagula njerwa 120. Mtengo wake unali mapaundi 2,297. Njerwazo sizinasemedwe, sizinapakidwe utoto, ndipo panalibe matope kapena simenti yozigwirizitsa. Zinangoyalidwa pansi mosanjikiza, 60 pansi ndi 60 pamwamba. Mwini ntchitoyo anali Carl Andre wa ku America, ndipo anaitcha Equivalent VIII. Anthu a ku Britain anapsa mtima, olemba nkhani anaseka, ndipo munthu wina anafika pothira utoto wabuluu panjerwazo. Aliyense wa ife amene anaumbapo njerwa, kuziwotcha mu uvuni ndi kuzisenza pamutu sangadabwe ndi mkwiyo umenewo. Komabe ndikupempha owerenga kuti tisathamangire kuseka, chifukwa pansi pa njerwa zija pagona funso limene limakhudza moyo wa munthu aliyense: munthu akachotsa zokongoletsa zonse n'kutsala ndi zochepa, kodi wayandikira choonadi, kapena wangopeza njira yatsopano yodzionetsera?

Luso la mtundu umenewu limadziwika ndi dzina loti minimalism, kutanthauza luso lochepetsa zinthu kufikira pomwe sizingachepetsedwenso. Dzinali linafala pambuyo poti katswiri wa maganizo akuya wa ku Britain, Richard Wollheim, analemba nkhani yotchedwa Minimal Art mu 1965. Mabuku ambiri amati luso limeneli linabadwira ku New York, ndipo pali chifukwa chonenera choncho. Mu 1959 mnyamata wina, Frank Stella, anaonetsa zithunzi zakuda zokhala ndi mizere yokhayokha, ndipo pambuyo pake ananena kuti m'zithunzi zakezo mulibe chobisika, chimene diso likuona ndicho chilipo. Mu 1962 Tony Smith anaimbira foni kampani yowotcherera zitsulo n'kuiuza kuti imupangire bokosi lachitsulo lofanana mbali zonse, la mafiti 6. Kuyambira mu 1963 Dan Flavin anayamba kupachika pakhoma nyali zamagetsi zazitali zimene aliyense akanatha kugula m'sitolo. Donald Judd ankalemba miyeso papepala, amisiri a m'fakitale n'kumupangira mabokosi achitsulo amene ankawaika pakhoma motalikirana mofanana. Mu 1966 ntchito zambiri zotere zinasonkhanitsidwa pachionetsero cha Primary Structures ku Jewish Museum mumzinda womwewo, ndipo amene anakonza chionetserocho anali Kynaston McShine, mbadwa ya ku Trinidad.

Kuti timvetse chimene anthuwa ankafuna, tiyenera kudziwa chimene chinawatopetsa. Kwa zaka mazanamazana chithunzi cha ku Ulaya chinali ngati zenera: munthu ankayang'ana nsalu yopakidwa utoto n'kuonamo phiri, mfumu kapena nkhondo, ngakhale kuti pansalupo panalibe phiri kapena mfumu. Ndipo m'badwo umene unawatsogolera ku New York unkatamanda wojambula ngati munthu wapadera, amene dzanja lake likangogwedezeka, mtima wake wonse waonekera pansalu. Judd ndi anzake anaona chinyengo m'zonse ziwirizi. Iwo anafuna kuti chitsulo chikhale chitsulo, njerwa ikhale njerwa, ndi kuti dzanja la wopanga lisaoneke paliponse. Tikawamva bwino, cholinga chawo chinali chokhudza khalidwe: kusiya kunamiza diso, ndi kusiya kudzitama.

Koma mbiri yoti zonsezi zinayambira malo amodzi n'kufalikira kwa ena ndi yoperewera. Kale mu 1915 ku Petrograd, mzinda wa ku Russia umene lero ndi St Petersburg, Kazimir Malevich anaonetsa chithunzi cha bwalo lakuda la ngodya zinayi pansalu yoyera, n'kuchipachika pamwamba pangodya ya chipinda, pamalo pamene mabanja a ku Russia ankaikapo zithunzi zopatulika za tchalitchi chawo. Flavin mwiniyo ankadziwa ngongole yake kwa anthu a ku Russia, n'chifukwa chake zambiri mwa nyali zake anazitcha zikumbutso za Vladimir Tatlin. Ku Brazil, mu 1959, gulu la aluso a ku Rio de Janeiro linatulutsa chikalata chonena kuti mizere ndi ngodya zikhale ndi moyo, zisakhale masamu ouma. Mmodzi wa iwo, Lygia Clark, kuyambira mu 1960 ankapanga tizitsulo tolumikizidwa ndi mahinji timene anatitcha Bichos, ndiko kuti tizilombo, ndipo ntchitoyo inkakwanira pokhapokha woonayo ataigwira n'kuipinda m'mene akufunira.

Ku Japan njira inali ina. Mu 1968, m'paki ina mumzinda wa Kobe, Nobuo Sekine anakumba dzenje lozungulira lakuya mamita 2.7 ndi lotambalala mamita 2.2, ndipo dothi lotulukamo analiumba pambali pa dzenjelo kukhala chipilala cha msinkhu ndi kukula komweko. Chionetsero chitatha, dothilo linabwezeredwa m'dzenjemo. Apa ndi pamene panayambira gulu lotchedwa Mono-ha, limene woganiza wake wamkulu anali Lee Ufan, wobadwira ku Korea mu 1936. Lee ankatenga mwala wa kumtsinje n'kuuika pafupi ndi chitsulo chophwatalala, kapena pamwamba pa galasi, ndipo chidwi chake chinali pa kukumana kwa chinthu chopangidwa ndi munthu ndi chinthu chimene munthu sanapange. Ku Korea, m'zaka za m'ma 1970, Park Seo-bo ankalemba mizere ya pensulo mobwerezabwereza pautoto wosauma, monga njira yophunzitsira mtima kudekha. Anthu a ku New York ankafuna kulamulira chitsulo kuti chimvere miyeso yawo, pamene awa a kum'mawa ankafuna kuti munthu achepetse zochita zake, zinthu zilankhule zokha. Maonekedwe a ntchito zawo amafanana, mitima imene inazibala ndi yosiyana.

Palinso mayina awiri a anthu obadwira ku Karachi amene mabuku a mbiri anachedwa kuwalemba. Rasheed Araeen anabadwa mu 1935, anaphunzira ntchito ya zomangamanga, ndipo anafika ku London mu 1964. Chaka chotsatira anali atayamba kupanga zinthu za mizere yowongoka ndi yopingasa, zonga zitsulo zochirikiza milatho, pa nthawi yomweyo imene a ku New York ankapanga mabokosi awo. Eni nyumba zoonetsera zaluso sanamulabadire kwa zaka zambiri, pakuti kwa munthu wochokera ku Pakistan ankayembekezera zinthu zooneka zachilendo ndi zamakolo, osati maganizo atsopano. Iye sanakhale chete. Mu 1987 anayambitsa magazini ya Third Text, ndipo mu 1989 anakonza chionetsero cha The Other Story ku Hayward Gallery, chosonyeza ntchito za aluso a ku Britain ochokera ku Africa, Asia ndi Caribbean. Winayo ndi mayi Nasreen Mohamedi, amene anabadwa mu 1937, anakulira ku India, n'kukhala mphunzitsi wa zaluso ku Baroda. Ankajambula mizere yopyapyala ya inki papepala, moleza mtima, ngakhale pamene matenda a mitsempha anayamba kufooketsa thupi lake. Anamwalira mu 1990, ndipo chionetsero chachikulu cha ntchito zake ku New York chinachitika mu 2016, patatha zaka 26 iye ali m'manda.

Apa funso lathu layamba kuoneka bwino. Luso limene linkati likuchotsa dzina ndi dzanja la wopanga linasanduka nkhani ya mayina, ndipo mayina amene anakwezedwa anali a anthu okhala pafupi ndi ndalama ndi nyuzipepala zamphamvu. Njerwa za Andre zimaphunzitsa zimenezi momveka. Pamene anazionetsa koyamba mu 1966 panalibe wogula, ndipo njerwa zambiri anazibweza kumene anazigula. Zimene Tate inagula mu 1972 zinali njerwa zina zimene anayalanso pambuyo pake. Tsono ngati njerwa zikhoza kusinthidwa ntchito n'kukhalabe yomweyo, ndalama zija zinagula chiyani? Zinagula ganizo, ndipo koposa zinagula dzina. Dzanja la wopanga linachoka panjerwa n'kukakhala pachikalata chotsimikizira mwini ntchito. Mmisiri wa m'fakitale amene anapinda ndi kuwotcherera zitsulo za mabokosi otchuka aja, alendo ambiri oona zaluso sadziwa kuti anali ndani.

Tiganizirenso za malo. Bokosi lopanda kanthu limafuna chipinda chachikulu chopanda kanthu kuti lioneke. Judd anachoka ku New York n'kukakhala ku Marfa, katawuni kakang'ono ka m'chipululu cha Texas, kumene anaika mabokosi 100 a aluminiyamu m'nyumba ziwiri zazikulu zimene kale asilikali ankasungiramo mizinga. Kunja mabokosiwo ndi ofanana miyeso, koma m'kati lililonse linagawidwa mosiyana, ndipo kuwala kwa dzuwa kumawasintha maonekedwe kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Amene anafikako amachitira umboni kuti malowo amakhazika mtima pansi. Koma ntchitoyo inayamba ndi thandizo la bungwe la Dia Art Foundation, lokhazikitsidwa mu 1974, limene chuma chake chinachokera kwa Philippa de Menil, mwana wa banja lolemera ndi kampani ya Schlumberger yogwira ntchito m'zitsime za mafuta. Mayiyu ndi mwamuna wake Heiner Friedrich analowa Chisilamu kudzera m'gulu la Masufi, ndipo mzikiti umene anatsegula ku New York, Masjid al-Farah, unaunikiridwa ndi nyali za Dan Flavin. Mitengo ya mafuta itagwa m'zaka za m'ma 1980, bungwelo linalowa m'mavuto aakulu a zachuma. Bata la m'zipinda zija linali ndi mtengo wake, ndipo wolipira anali mafuta. Mu 1990 wolemba wina, Anna Chave, anatsutsa kuti zitsulo zolemera ndi zozizira zija zimalankhula chinenero cha mphamvu, cha mafakitale ndi cha asilikali, ngakhale eni ake ankati sizinena kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali kusiyana kumene sitiyenera kukuiwala pakati pa zochepa zosankha ndi zochepa zokakamizidwa. Chipinda chokhala ndi mphasa imodzi ndi ndowa imodzi, wolemera akachikonza mwadala amachitcha kukongola, pamene mayi wamasiye amene wagulitsa mipando kuti alipire sukulu ya mwana amachitcha tsoka. Diso likhoza kuona zipinda ziwirizo mofanana, koma woyambayo ali ndi nkhokwe yodzaza kuseri kwa khoma, ndipo tsiku limene watopa ndi mphasa akhoza kuitanitsa sofa. Munthu amene amatamanda kusowa kwa zinthu asanagonepo ndi njala ayenera kulankhula mosamala pamaso pa amene anagonapo nayo. Lero dzina la minimalism lafika m'malonda a mipando, zovala ndi mafoni, ndipo kawirikawiri chinthu chooneka chosakongoletsedwa ndicho chokwera mtengo kuposa zinzake. Pamenepo kuchepetsa kwasanduka chovala cha kunyada, chosokedwa mwaluso kotero kuti wochivala amaoneka wofatsa.

Wina angatsirize pamenepa kuti luso lonseli ndi chinyengo cha anthu olemera. Ine sindikutero, ndipo chifukwa changa choyamba ndi mayi wina wa ku Germany, Charlotte Posenenske. Mu 1967 iye anapanga zitsulo zonga mapaipi a ngodya zinayi olowetsa mpweya m'nyumba zazikulu. Sanazisaine dzina, sanaike malire a kuchuluka kwake, ndipo anazigulitsa pa mtengo wongokwanira kuzipanga, kuti wogula asayembekezere phindu pozigulitsanso. Wogulayo anali ndi ufulu wozilumikiza m'mene akufunira. Iye anatenga mawu a anzake aja n'kuwatsata mpaka kumapeto: ngati dzanja la wopanga lilibe ntchito, dzina lakenso lisakweze mtengo. Mu 1968 analengeza kuti zikumuvuta kuvomereza zoti luso silingathandize kuthetsa mavuto aakulu a anthu, ndipo analeka kupanga zaluso. Anakaphunzira za kakhalidwe ka anthu n'kuthera zaka zake zotsala akufufuza moyo wa anthu ogwira ntchito m'mafakitale, mpaka imfa yake mu 1985. Munthu akhoza kutsutsa chisankho chake, pakuti mwina luso lili ndi ntchito zina kupatula kuthetsa umphawi. Chimene sitingakane n'chakuti kwa iye kuchepetsa kunamudyera kanthu. Anataya kutchuka pa nthawi imene kunali kuyamba kumufika.

Chifukwa chachiwiri ndi chimene ntchito zabwino za mtunduwu zimachita kwa woziona. Mu 1967 wotsutsa wina, Michael Fried, anadandaula kuti ntchito zotere sizikwanira pazokha, zimadikira munthu kuti alowe m'chipinda, ayende mozizungulira, ndipo ayambe kuzindikira thupi lake ndi nthawi imene ikudutsa. Iye anaona ichi ngati chilema, koma ena pambuyo pake anachiona ngati mphatso. Chithunzi chodzaza ndi nkhani chimagwira maso n'kuuza munthu choti aganize. Mwala wa Lee Ufan kapena mizere ya Nasreen Mohamedi siziuza munthu kanthu mwachangu, ndipo wothamanga amangodutsa n'kunena kuti palibe chimene waona. Woima n'kudikira amayamba kuona kuti mpata wa pakati pa mizere ukusintha pang'onopang'ono, kuti mthunzi wa mwala wasuntha, kuti iye mwini wapuma mofatsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'nthawi ino imene foni imatiponyera zithunzi mazanamazana tisanadye n'komwe chakudya cha m'mawa, chinthu chophunzitsa diso kukhala pamalo amodzi sichingakhale chopanda phindu.

Ife amene tinazolowera kupemphera moyang'ana khoma lopanda zithunzi za anthu kapena nyama tikudziwa kuti malo opanda zambiri akhoza kusonkhanitsa mtima wobalalika. Araeen mwiniyo wakhala akukumbutsa anthu a ku Ulaya kuti luso la mizere ndi ngodya linakula m'mayiko a Chisilamu zaka mazana ambiri iwo asanalitche latsopano. Komabe tisafulumire kunena kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Khoma la mzikiti limakhala chete kuti mtima upite kwa Mlengi, pamene bokosi la Judd limakhala chete kuti maso atsalire pabokosi lomwelo. Chimene tingabwereke kwa aphunzitsi athu akale pankhaniyi ndi chenjezo lawo lokhudza zuhd, kusakangamira za m'dziko. Iwo ankadziwa kuti munthu akhoza kuvala chigamba n'cholinga choti anthu amutame, ndi kuti wina akhoza kukhala ndi chuma m'manja koma mtima wake uli womasuka. Muyeso wawo sunali kuchuluka kwa zimene munthu wasiya. Ankayang'ana cholinga chimene wasiyira.

Muyeso womwewo ndi umene ndikuona kuti ukuyankha funso lathu. Kuchepetsa pakokha kulibe khalidwe, kuli ngati mpeni umene ukhoza kusenda chinangwa kapena kuvulaza mnansi. Tikaona munthu, kaya ndi waluso kaya ndi mnzathu wapamudzi, wachotsa zambiri n'kutsala ndi zochepa, tifunse kuti malo amene atsalawo wawasiyira ndani. Lygia Clark anawasiyira manja a woona. Sekine anabweza dothi m'dzenje, paki n'kukhala monga inalili. Posenenske anasiyira wogula ufulu, ndipo potsiriza anadzichotsapo iye mwini. Araeen anapanga mabokosi a mizere amene alendo amaloledwa kuwanyamula ndi kuwasanja mwatsopano, kotero kuti ntchitoyo sikhala ndi maonekedwe amodzi okhazikika. Kumeneko kuchepetsa kunayenda limodzi ndi kudzichepetsa. Koma pamene zonse zachotsedwa kuti dzina limodzi limveke mokweza m'chipinda chachikulu, ndipo mlonda waima pakhomo kuti wosauka asayandikire, munthu uja sanachepe ayi, wangochotsa zonse zimene zikanapikisana naye.

Sindikunena kuti mzere wolekanitsa magulu awiriwa ndi wosavuta kuujambula. Judd yemweyo amene dzina lake lili pamsika wa mamiliyoni ndiye anakana dzina loti minimalism, ndipo anapita kuchipululu chifukwa chonyansidwa ndi m'mene amalonda ndi nyumba zoonetsera zaluso ankasamutsira ntchito uku ndi uku ngati katundu wamba. Zitsulo za Posenenske, zimene iye anafuna kuti zikhale zotsika mtengo, zinabwereranso m'zionetsero zazikulu iye atamwalira, monga cha Documenta mumzinda wa Kassel mu 2007. Mumtima umodzi mukhoza kukhala kufuna choonadi ndi kufuna kutamandidwa, ndipo msika uli ndi njira zomezera ngakhale amene anaukana. Ichi chitichenjeze kuti tisaweruze anthu aja ngati kuti ife ndife oyera. Amene amakana chakudya paphwando kuti anthu anene kuti ndi wodziletsa, amene amalankhula mawu ochepa pamsonkhano kuti aoneke wanzeru, amene amauza aliyense kuti iye safuna zambiri, onsewa ayala njerwa zawo pansi ndipo akudikira wogula.

Njerwa 120 zija zikadali m'manja mwa Tate, ndipo nthawi ndi nthawi zimayalidwanso kuti anthu azione. Ena amafika n'kuseka monga anasekera a mu 1976, ena amaima nthawi yaitali. Sindikuganiza kuti woseka ndi wopusa, chifukwa funso lake lokhudza ndalama ndi dzina ndi loyenera, ndipo eni luso sanaliyankhe mokwanira. Sindikuganizanso kuti woima uja wanyengedwa, chifukwa waphunzira kuyang'ana chinthu wamba popanda kuchifunsa kuti chimusangalatse. Amene watenga funso la woyambayo ndi kudekha kwa wachiwiriyo wapindula kuposa onse awiri, ndipo akabwerera kunyumba kwake adzayang'ana mwatsopano zimene wasunga, zimene wataya, ndi chifukwa chimene anazitayira.